Mano a Juvenal

Kanema uja anafika ku Córrego Seco pa sitima ya Lachisanu, m'zitini zisanu zophwathalala, ndipo dzuwa lisanalowe tauni yonse inali itamva kuti ndi kanema woliritsa. Bambo Aristeu, mwini holo, anachita kuyenda khomo ndi khomo kulengeza kuti Lamulungu masana aonetsa filimu ya ku Amereka, ya banja limene mwana wawo ali ku nkhondo, ndiponso kuti amayi a asilikali alowa ulere n'kukhala pa benchi ya kutsogolo. Munthu ameneyu ngakhale madzi akumwa sankapatsa mnzake ulere, ndiye anthu anati nkhondoyi yafikadi patali.

Amayi a asilikali m'tauni mwathu analipo atatu okha m'chaka chimenecho cha 1944. Mmodzi anali Zulmira, mayi wamasiye wochapira anthu zovala, amene mwana wake woyamba, Nicanor, anakwezedwa sitima ya pamadzi kupita ku Italiya. Pakhomo anatsala ndi wamng'ono, Belmiro, wonyamula matumba a khofi pa siteshoni. Zulmira sankadziwa kuwerenga. Tsono mafilimu a ku Amereka amayankhula chilankhulo chawo, chathu chimangolembedwa m'munsi mwa chithunzi, ndipo munthu wosawerenga amafunika mnzake womunong'oneza. Loweruka m'mawa anaoloka msewu, manja ali thovu lokhalokha, n'kukaima pa zenera la Etelvina.

Etelvina ndiye anali maso ake. Anaphunzira zaka zinayi kwa masisitere, ndipo kalata iliyonse ya Nicanor ankawerenga ndi iye, yankho lake n'kulembanso yekha. Ndi iyenso ananyamula Nicanor pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti komadre, amuna a Etelvina n'kukhala a kompadre. Kwathu kuno ubale umenewu saseweretsa. M'bale wamagazi umangomupeza, koma komadre umachita kusankha wekha, n'kukalumbira naye pamaso pa ansembe.

Etelvina anayesa kuzemba. Anati mutu ukumuwawa. Zulmira anati pofika mawa ukhala utapola. Anati m'holo muja mumanunkha fodya ndi thukuta. Zulmira anati ndiye zikhala ngati ali m'shopu ya amuna ake. Potsiriza anati benchi ya kutsogolo ndi ya amayi a asilikali, iye alibepo gawo.

"Mulibe gawo inu?" anatero Zulmira, akupukutira manja pa epuloni. "Anamunyamula m'tchalitchi ndi ndani, ndine? Musandiseketse, komadre. Ndidzakutengani 2 koloko isanakwane, ndipo ndidzakupezeni mutavala."

Zulmira atabwerera ku zochapa zake, Etelvina anakhala pa mpando wa m'khitchini, khofi n'kumuzizirira m'manja. Mutu unalibe kanthu. Chimene chinkamudya chinali china, ndipo chinali chitamudya chaka chathunthu.

Nkhani yake inali iyi. Chaka chapitacho, makalata oitana anyamata kukapimidwa za usilikali anafika awiri tsiku limodzi mu msewu wawo: ina ya Nicanor, ina ya Juvenal, mwana mmodzi yekhayo wa Etelvina. Amuna ake, bambo Onofre, anali wometa tsitsi komanso wozula mano, ndipo pa mpando wa wometa pamafika nkhani zonse. Kondakitala wina wa sitima, thovu lili kumaso, anawauza kuti madokotala a asilikali mu mzinda akubweza anyamata osowa mano, ati chakudya cha ku nkhondo n'cholimba. Bambo Onofre anabwera nayo nkhaniyo kunyumba ngati nthabwala ya pa chakudya. Etelvina sanaseke. Anawakakamira amuna ake osawapatsa mpata wopuma, anamukakamiranso Juvenal, amene anakana masiku awiri, lachitatu n'kuvomera. Lolemba lina m'mawa shopu sinatsegulidwe. Mnyamatayo anamumwetsa theka la botolo la kachasu, ndipo mano asanu ndi anayi, abwinobwino, opanda ndi kadontho komwe, anagwera m'beseni limodzilimodzi. Bambo Onofre ankazula akulira. Etelvina maso anali ouma, ndipo anachita kumukhalira mwana wake pa miyendo kuti asaphiriphithe.

Anthu anauzidwa kuti mnyamatayo wagwidwa ndi matenda a nkhama. Mu mzinda muja dokotala anangomuyasamulitsa kamodzi n'kumuuza kuti azipita kwawo. Nicanor, mano ake onse ali mbee, anamulemba.

Kuteteza mwana wako si mlandu, mayi aliyense angakuuzeni, ndipo pa chimenecho Etelvina sankadzitsutsa. Koma kuchokera tsiku lozula mano kufika tsiku lokapimidwa panadutsa masabata atatu, ndipo masabata onsewo Zulmira ankaoloka msewu ndi kapoto ka msuzi wa nkhuku kudzaona wodwala, n'kumakhala pa mpando womwewu kudandaula za Nicanor wake. Liwu limodzi likanakwana. Etelvina analimeza. Anawerengetsa kuti anyamata awiri a msewu umodzi, makomo oyang'anizana, wina mwana wa wozula mano, akakafika onse ndi magweru, ngakhale dokotala wogona adzadzidzimuka. Onofre adzamangidwa, Juvenal adzatengedwa ndi nkhama zakezo. Ndiye anakhala chete, nalandira msuzi wa mnzake, nathokoza.

Tsiku limene Nicanor ankanyamuka, pa siteshoni pali bandi ndi mbendera, mnyamatayo anasiya anthu onse n'kudzapsompsona dzanja la Etelvina, monga amachitira ana kwa amayi awo a ubatizo, napempha dalitso. Etelvina anamudalitsa. Kuyambira pamenepo kalata iliyonse inkatha ndi pempho lomwelo, ndipo poti wowerenga anali iye, ankachita kulitchula yekha pempholo n'kuliyankhanso yekha, Zulmira akumuyang'ana ndi maso achimwemwe. Anayesa kudzipepukitsa ndi mphatso. Shuga atasowa m'masitolo ankamugawira mnzake wake, analuka masokosi aubweya mapeyala anayi, kandulo ya Nicanor m'tchalitchi sinazimepo. Sizinathandize, chifukwa mphatso iliyonse Zulmira ankaithokoza mpaka kutulutsa misozi, n'kukauza msewu wonse kuti mtima wa komadre wake kulibenso. Kwa ansembe Etelvina ankalapa miseche ndi kupsa mtima, koma izi sankazitchula.

Juvenal anapola koma sanabwerere mwakale. Mnyamata amene kuseka kwake kunkamveka mpaka kusiteshoni tsopano ankayankhula dzanja lili pakamwa. Anzake a kunjanji anamupatsa dzina loti Magweru, mtsikana amene ankayenda naye pabwalo la tchalitchi anapeza wina. Bambo ake anafuna kumukonzera mano oikirira, Etelvina anakaniza mpaka nkhondo ithe, kuopa kuti angamuitanenso. Nyama ankamudulira tizidutswa ngati mwana wakhanda, iye n'kumadya osadzutsa mutu. Amayi ake ankawayankha mwaulemu, liwu limodzi kapena awiri, basi.

Lamulungu dzuwa linaswa mtengo. Zulmira anatulukira nthawi isanakwane, atavala diresi yakuda ya ku misa, kachithunzi ka Nicanor atakabaya ndi pini pachifuwa. Etelvina anali atasintha bulauzi kawiri, yoyamba itanyowa ndi thukuta asanatuluke n'komwe. Bambo Onofre anakana kupita, ati akunola malezala. Malezala amenewo anali atawanola dzulo lake.

Pa holo panali anthu ngati pa maliro a munthu wolemera. A m'mafamu a khofi anabwera pa abulu, ena pa lole yoyendera makala ija, yofikitsa anthu atada bii, poti petulo nayenso anali atapita ku nkhondo. Bambo Aristeu, tayi ili pakhosi, anawalandira pakhomo n'kuwaperekeza mpaka kutsogolo. Ataona Etelvina anafuna kutchula za tikiti, koma Zulmira anangowayang'ana kamodzi, tikitiyo n'kuiwalika. Pa benchi anapeza amayi awiri enawo atakhala kale: Dona Corina, mkazi wa wogulitsa mankhwala, ndi mayi wina wa kumafamu wopanda nsapato, amene ankangoyang'ana pansi ngati waitanidwa ku mlandu. Etelvina pokhala anacheuka. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, Juvenal anali atatsamira khoma ndi anzake aja, dzanja lili pakamwa.

Anatchinga mazenera ndi masaka, makina anayamba kulira, ndipo Etelvina anasendeza pakamwa ku khutu la mnzake.

Poyamba zinkayenda bwino. Mayi wa m'filimumo anali ndi nyumba yosanja, mpopi m'khitchini, makatani mpaka pansi, koma ankadandaula kuti batala wasowa. Etelvina atawerenga zimenezo, Zulmira anafunsa mokweza ngati amenewa ndiwo ovutikawo, holo yonse n'kufa ndi phwete. Anafunsanso kuti zovala zoyera chonchi akuwachapira ndani, popeza chiyambireni sanaone munthu atagwira sopo. A pa benchi yachiwiri, osawerenga anzake, anali ataweramira kutsogolo kuti azitolako mawu a Etelvina, mpweya wawo wa mtedza ndi fodya ukumuomba m'khosi.

Koma kanemayo anali wochenjera. Anayamba wawaseketsa anthu kuti amasuke, kenako n'kuwagwira pakhosi. Mwana wa mayi uja ananyamuka pa siteshoni, mayi n'kuthamangira sitima ndi kaphukusi ka chakudya kamene anaiwala kumupatsa, sitima osaima. Zulmira nthabwala zinamuthera. Mayi uja analowa ntchito yosoka mayunifolomu, ndipo malaya aliwonse akamaliza ankawatambasula m'mwamba kuona ngati angamukwane mwana wake. Wamakalata akadutsa pa njinga osaima pakhomo, ankanamizira kuti anatulukira kudzathirira maluwa. Apa Zulmira anati anthu amenewa achita kumuzonda iyeyo, ndipo sanafunse kuti akuti chiyani, chifukwa panalibe chofuna kuwerenga.

Ndiye panatulukira mnansi. Mayi wa m'filimumo anali ndi mnzake wa kuseri kwa mpanda, wonenepa, wamagalasi, amene mwana wake anabwezedwa ku usilikali chifukwa cha matenda a mtima. Ndiye ankamuyatsira moto kukazizira, ndiyenso ankamukhazika pansi kalata ikachedwa. Zulmira anagunda Etelvina ndi chigongono.

"Uyo ndinu, komadre. Kungoti inu magalasi mulibe."

Etelvina anaseka kaseko kouma. Pa chinsalu paja amayi awiriwo anakhala m'khitchini, wamagalasi n'kugwira manja a mnzake. Mawu anatuluka m'munsi, oyera, akuluakulu. Etelvina anawawerenga mumtima.

Zulmira anafunsa kuti akuti chiyani. Etelvina ananamizira kuti sanamve. Anafunsanso.

"Werenganitu, Dona Etelvina, adutsa," anatero bambo wina kumbuyo, amene tikiti yake ankafuna aidye yonse.

Akanatha kunama. Akanatha kunena kuti akukambirana za batala uja. Koma Dona Corina, wodziwa kuwerenga, anali pomwepo, milomo ikutsata zilembo. Choncho Etelvina anagunditsa pakamwa pa khutu la Zulmira, ndipo ndi liwu lakelake, lomwe lija lowerengera makalata a Nicanor, ananena kuti:

"Akuti, pakanakhala njira yoti mwana wanu asapite, ndikanadula ngakhale dzanja langali."

Zulmira anafufuza dzanja la mnzake mu mdimamo, nalipeza, nalifinya ndi zala zake zokakala ndi sopo.

"Ndikudziwa," ananong'ona. "Inunso mukanatero."

Etelvina anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. 

Gudumu lachitatu la filimu litatha anayatsa magetsi kuti aike lina, ndipo bambo Aristeu, amene mpata woyankhula sankauphonya, anakwera pa bokosi. Anayankhula za dziko, za mbendera, za chisanu cha ku Italiya ngati kuti anagonako, natchula maina a anyamata athu atatu, limodzi n'kulilakwitsa. Kenako anapempha amayi a asilikali kuti aimirire, tauni iwaone. Dona Corina anaimirira mawu asanathe. Mayi wopanda nsapato uja anachita kudzutsidwa. Zulmira anaimirira dzanja la Etelvina asanalisiye.

"Dzukani."

"Ayi, komadre, chonde."

"Ndati dzukani."

Zulmira anatembenukira kwa anthu, mayi amene chibadwire sanaimepo pagulu kuti ayankhule, nanena kuti awa ndi amayi a ubatizo a Nicanor, kuti kalata iliyonse imadutsa m'manja mwawo, ndi kuti pakanapanda iwowa iye akanapenga kalekale. Bambo Aristeu anaiwakha nkhaniyo m'mwamba, nati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo holo yonse inaomba m'manja.

Etelvina anaimirira. Abambo amene amuna ake ankawameta, amayi amene ankagwada nawo m'tchalitchi, onse ankamuyang'ana ndi nkhope zonyowa, zachikondi. Akanamutukwana zikanapepukako. Kumbuyo kuja mmodzi mwa anyamata a kunjanji anaponya nthabwala: "Iwe Magweru, omba m'manja! Manjawo sanakuzule!" Anthu anaseka, poti kwathu kuno misozi ndi chipongwe zimadyera m'mbale imodzi.

Juvenal anachotsa dzanja pakamwa. Anayang'ana amayi ake kudutsa pamwamba pa mitu yonseyo, nayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, nasekerera ndi kamwa lonse, nkhama zili poyera, mipata yakuda ili apa ndi apo. Chipolereni zilonda, aka kanali koyamba kuti amayi ake aone m'kamwa mwake. Anaomba mpaka ena onse atasiya, kenako anakankha chitseko n'kutuluka.

Magetsi anazima. Zotsalazo Etelvina anaziwerenga ngati mwana woloweza katekisimu, mawu akutuluka okha, iye osamva n'komwe chimene akunena. M'filimumo munafika telegalamu yoti sitima ya mnyamata uja yamira, holo inalira. Kenako zinamveka kuti asodzi anamutola ali moyo, holo inaliranso kuposa poyamba. Mnyamatayo anatsika pa siteshoni akutsimphina, mayi ake n'kumugwera m'khosi, nyimbo n'kukwera. Zulmira analira mpaka kachithunzi ka pachifuwa kananyowa, koma inali misozi ya munthu wolandira uthenga wabwino. Anati Mulungu wamuyankhula kudzera mwa a Aristeu, ngakhale kuti akanatha kusankha munthu wabwinoko.

Potuluka kunja kunali kukadawala, kuwala kolasa m'maso. Anadzera njira ya kusiteshoni pothawa chigulu. Zulmira pakamwa sipankapuma. Anayankhula za diresi ya mayi uja, za kutsimphina kuti si kanthu bola munthu wabwera, za kalata imene alembe mawa, mmene amuuzire Nicanor kuti amayi ake onse awiri anaima pamaso pa tauni. Etelvina ankatsalira pang'ono. Ankadziuza kuti chaka chatha osanena, chinanso chikhoza kutha, kuti kunena sikungabweze sitima imene inapita kale, ndi kuti chimene Zulmira sakuchidziwa sichikumupweteka. Zonsezo zinali zoona. Koma mlandu suola, ndipo atafika pa thanki yomwetsera sitima madzi, pamene panalibe munthu, miyendo inangoima yokha.

"Komadre, Juvenal sanadwale nkhama."

Zulmira anacheuka, kumwetulira kusanachoke.

"Tinamuzula dala. Kuti akamubweze."

Anafotokoza zonse, maso ali pa miyala ya m'njanji: za kondakitala, za kachasu, za beseni. Ankayembekeza mbama, ndipo akanailandira ndi manja awiri. Mbama sinabwere. Zulmira anangofunsa kuti mano angati. Asanu ndi anayi. Anafunsa kuti liti. Etelvina anatchula mwezi ndi tsiku, ndipo anaona mnzake akubwerera m'mbuyo m'maganizo, zala zikuwerenga masiku pa diresi.

"Nthawi ya msuzi ija?"

"Eee."

"Ndinapha nkhuku ziwiri," anatero Zulmira, ngati akuuza munthu wina wake. "Yachiwiri inali yoikira."

Etelvina anayesa kufotokoza za anyamata awiri a msewu umodzi, za dokotala, za ndende. Mawu amene kwa chaka chathunthu ankamveka anzeru mumtima, atatuluka panja anali opepuka ngati mankhusu. Anasiyira pakati. Anati akupepesa, ndipo ngakhale iye mwini anamva kuchepa kwa liwulo.

Zulmira sanalire. Anakhala pa chitsulo cha m'munsi mwa thanki, navula nsapato za ku misa zimene zinkamuluma, nakhala nthawi yaitali akuyang'ana mapazi ake. Anati Nicanor akanapirira kuzulidwa mano, chifukwa ali mwana bulu anamumenya theche pachifuwa iye osalira. Anati m'kalata yapitayi analemba kuti zala za kumapazi sakuzimvanso chifukwa cha chisanu, ndipo anafunsa ngati komadre akukumbukira, popeza anawerenga ndi iwo. Etelvina ankakumbukira.

Kenako Zulmira anapisa dzanja m'diresi, kuseri kwa kachithunzi kaja, natulutsa envelopu yopindidwa. Etelvina anaizindikira isanatambasulidwe n'komwe. Inali ya boma, ya mtundu umene mayi aliyense wa mwana wamwamuna anali ataphunzira kuuopa.

"Yafika dzulo masana. Ndinati kanemayu adutse kaye. Werengani."

Inali ya Belmiro. Ankamufuna mu mzinda kukapimidwa pa 8 Januwale. Etelvina anaiwerenga yonse mpaka chidindo cha pansi. Zulmira anafunsa kuti atsala masiku angati, iye anati makumi awiri ndi awiri. Anafunsa ngati nkhama zingapole pa masiku amenewo, iye anati zipola.

"Mukawauze a kompadre kuti awiritse zitsulo zawo. Lachiwiri m'mawa tibwera."

Etelvina anayamba kuwerengetsa. Tsopano akanakhaladi awiri, makomo oyang'anizana, mwana wa wozula mano ndi mnansi wake, ndipo m'tauni ngati yathu ngakhale agalu amadziwa kuphatikiza. Zonse zimene anaziteteza ndi kukhala chete kwake, amuna ake, mwana wake, mano asanu ndi anayi aja, zinali kubwerera pa moto. Anatsegula pakamwa.

"Musanene," anatero Zulmira. "Sukulu sindinapite, koma kuwerengetsa kumeneko nanenso ndikutha. Akawamanga a kompadre, awamanga. Akamutenga Juvenal, amutenga. Wanga ali m'chisanu."

Etelvina anatseka pakamwa, navomera ndi mutu.

Zulmira anavala nsapato zake. Anati akudziwa kuti Belmiro akana. Mnyamatayo anali akusirira yunifolomu chichokereni mkulu wake, komanso anali ndi kamtsikana kuseri kwa msika kamene kanamukondera kusekako. Mwana wa zaka makumi awiri, wonyamula thumba la khofi ndi dzanja limodzi, sungamumange ndi chingwe. Anaimirira, nayang'ana Etelvina m'maso koyamba chiyambireni nkhaniyo.

"Wanu munamuuza chiyani kuti akhale pa mpandopo?"

Ichi ngakhale bambo Onofre sankachidziwa. Etelvina anachinena motsitsa kwambiri, moti Zulmira anachita kumuuza kuti abwereze.

"Ndinamuuza kuti tsiku limene adzakwere sitima, ine ndidzagona pa njanji kutsogolo kwake."

"Mukanagonadi?"

Etelvina anazyolika. "Ayi."

Zulmira anayang'ana njanji, kuyambira pamene anaima mpaka kumene inkakhotera kuseri kwa nyumba zosungira khofi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndikamuuza zomwezo," anatero. "Kungoti ineyo sindikhala ndikunama."

Anatenga kalata ya Belmiro m'manja mwa Etelvina, naipinda, naibwezera pachifuwa, nanyamuka. Sanamudikire, ndipo Etelvina sanayese kumupeza.